Buleki Yofuna Odi

Kuseri kwa sitolo yogulitsa simenti ndi malata, pamene madalaivala a mapikapu amadikirira anthu ofuna kunyamulidwa katundu, panalibe yemwe sankawadziwa a Chidendene. Dzinali silinali lobadwa nalo. Anawapatsa ndi anzawo chifukwa cha kudzitama kwawo kuti galimoto siima ndi chitsulo, imaima ndi chidendene cha mwini wake. Iwo analilandira ndi manja awiri, moti ngakhale akazi awo akapsa mtima ankawaitana lomwelo.

Pikapu yawo kale inali yoyera, koma zaka zinali zitaidya utoto. Inanyamulapo njerwa, mchenga, mabedi a anthu osamuka, ngakhale mabokosi a maliro. Ndiyo inamanga nyumba yawo pamwamba pa chitunda, ndiyonso inagula makina osokera a mwana wawo woyamba, wamkazi, yemwe iwo ankangomutcha Chisamba ngakhale anali atakula n'kukhala telala wodziwika ndi mayunifolomu a ana asukulu. M'mawa uliwonse pakhomopo pankamveka mapokoso awiri: injini ya bambo ikutsokomola pabwalo, ndi makina a mwana akulira pakhonde, phazi lake lamanja likupalasa chopondera osapuma. A Chidendene ankakonda kunena kuti banja lawo limadya ndi mapazi.

Vuto linalowa ngati chiswe, mopanda phokoso. Chopondera cha buleki, chomwe kale chinkalimba munthu akangochikhudza, chinayamba kufewa. Akachiponda chinkalowa pansi ngati aponda siponji, galimoto n'kumapitirirabe isanaganize zoima. Koma phazi la munthu limachenjera msanga kuposa mutu wake. Lisanamuuze n'komwe mwini wake, phazi la a Chidendene linaphunzira lokha kuponda, kubweza, n'kupondanso msanga. Kachiwiriko chopondera chinkalimba, galimoto n'kuima bwinobwino. Patapita milungu ingapo iwo sankadziwanso kuti akuchita zimenezo, ankangoona kuti galimoto ikuima.

Zinaululika tsiku lomwe anapita kugalaja kukawotcheretsa chitseko cha kumbuyo. Mwini galajayo anali mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, makaniko wosalankhulalankhula. Iye analandira makiyi kuti ailowetse m'kati, ndipo atafika pomwe ankafuna kuima anaponda buleki kamodzi, monga achitira aliyense. Chopondera chinamira mpaka pansi. Pikapu inakagunda mgolo wa oilo wakale n'kuugubuduza mpaka kukhoma. Makanikoyo anatsika akupukuta thukuta.

“Alamu, kodi mlongo wanga anakulakwirani chiyani kuti mufune kumusiya wamasiye?”

“Mwaiponda mwachipongwe, alamu,” anayankha a Chidendene akuseka. “Buleki yangayi ndi yaulemu. Kodi inu mukafika pakhomo pa eni mumangolowa? Mumayamba mwati odi. Kuponda koyamba ndi odi, kwachiwiriko ndiye amakuyankhani kuti lowani.”

Madalaivala ena omwe ankadikira magalimoto awo pagalajapo anafa nazo nseko, mmodzi mpaka kuwagwira chanza. Makaniko yekha ndiye sanaseke. Anawapempha kuti akwere pampando wawo.

“Pondani kamodzi, musabweze. Chikutani?”

“Chalowa.”

“Tsopano popani. Chalimba?”

“Si ndanena kale? Chayankha.”

“Chayankha, inde. Koma gwirani pomwepo, musachotse phazi.”

A Chidendene anagwira. Chopondera chija chinayambanso kuthawa pansi pa phazi lawo, pang'onopang'ono, mpaka chinakagona pansi. Iwo anachimva bwinobwino koma anangoyang'ana kumbali.

Mlamu wawo anatsegula boneti n'kuwaonetsa kabotolo ka mafuta a mabuleki, kali pafupi kuuma. Kenako anayamba kuzungulira galimoto, kugwada pa tayala lililonse n'kupisa dzanja kuseri kwake. Pa tayala lakumbuyo lakumanzere chala chinatuluka chonyowa. Anachinunkhiza, n'kukatenga jeke. Atachotsa tayalalo ndi mbale yachitsulo ya kuseri kwake, m'kati monse munali matope akuda, fumbi losakanikirana ndi mafuta.

“Taonani, alamu. Apa pali kasilinda kamene kamakankha zogwira tayalazi, ndipo m'kati mwake muli kalabala kakang'ono ngati mphete. Katha. Mukaponda, mafuta m'malo mokankha akuthawira apa. Ndipo pomwe patuluka mafuta pamalowa mpweya. Mafuta safinyika, mukawakankha nawo amakankha. Mpweya umafinyika, ndiye siponji mukuimvayo. Odi wanu uja ndi mpweya mukuyamba mwaufinya. Tayala ili ndiye silikugwiranso n'komwe, zonse zanyowa. Mukuima ndi matayala atatu.”

“Ndiye titani, adokotala?”

“Tisinthe kalabalako ndi zonyowazi, tithire mafuta atsopano, titulutse mpweya tayala lililonse, inu mukupopa ine ndikutsegula pansi. Kenako tione silinda yaikulu ya kutsogolo ngati nayo sinatope. Isiyeni igone pano, mawa masana mudzaitenga.”

Mawu akuti igone ndiwo anawononga zonse. Pikapu ya a Chidendene inali isanagonepo kunja kwa mpanda wawo, ndipo iwo ankanyadira zimenezo pamaso pa anzawo. Chinanso, mlamu ameneyu anamupeza ali kamwana ka mamina pamene ankafunsira mlongo wake. Kuti lero awaphunzitse za galimoto pamaso pa anthu omwe angoseka nthabwala yawo, zinawakwera m'mutu.

“Bwezerani tayala langa. Simenti ya eni ikundidikira. Ingothirani mafutawo basi.”

“Alamu, padziko lonse lapansi pali phazi limodzi lokha lomwe lingaimitse galimotoyi. Nanga tsiku lina ikadzapondedwa ndi phazi lina?”

“Chiwongolero changa sichigwidwa ndi wina.”

“Chisamba si ali ndi laisensi?”

“Chisamba ali ndi makina ake. Ine ndinayamba kuyendetsa galimoto inu musanamere mano, alamu. Musandiphunzitse kuponda.”

Makanikoyo anabwezera tayala mwakachetechete, n'kudzaza kabotolo kaja. A Chidendene anatuluka pagalajapo akuliza hutala potsazika anzawo.

Kuyambira tsikulo kuseri kwa mpando wawo sikunkasowa botolo la mafuta a mabuleki. M'mawa anthu asanatuluke ankatsegula boneti n'kuthira, ngati munthu womwa mankhwala mobisa. Mlamu wawo sanatope kunena. Akakumana pamsewu ankati, “Kalabala kanu ndinagula, kakukudikirani pashelefu.” Iwo ankayankha kuti sabata yamawa, ndipo sabata yamawayo inali ndi miyendo yaitali kuposa yawo. Mnzawo wina wa kuseri kwa sitolo kuja, atakwera nawo tsiku lina n'kuona mwendo ukuvina pamphambano, anati, “Achimwene, izi sizamasewera,” iwo n'kumuuza za odi, nkhani n'kuthera m'kuseka. Akazi awo nawo anaona banga lakuda pasimenti pomwe pankagona galimoto.

“Abambo, galimoto yanu yayamba kudontha. Mlongo wanga akuti mukaisiye kugalaja.”

“Mlongo wako akusowa chochita. Galimoto yokalamba iliyonse imatuluka thukuta.”

Madzulo ake anathira mchenga pabangapo, ndipo mayiwo, podziwa mwamuna wawo, sanaiutsenso nkhaniyo.

Tisawanamizire kuti sankadziwa. Ankadziwa bwino lomwe, ndipo ndicho chifukwa chake Chisamba akapempha galimoto kuti akapereke mayunifolomu kusukulu ankamukaniza. Mwanayo ankayesa kuti bambo ake ndi aumbombo ndi chiwongolero, n'kunyamula chikwama chake kukakwera basi akuwaseka kuti adzaikidwa m'manda ndi makiyi. Iwo ankaseka naye, koma mumtima mukuwaluma. Nthabwala ya odi, yomwe inafalikira kwa madalaivala onse, kunyumba sinafikeko. Ankaisiya pageti ngati nsapato zamatope.

Odi nayenso anakula. Mmodzi anasanduka awiri, awiri anasanduka atatu, ngati pakhomo pa anthu ogontha. A Chidendene anayamba kuodira ali kutali, mphambano isanaonekere n'komwe. Potsika chitunda chakwawo ankalowetsa giya yotsika ali pamwamba, injini n'kumalira mpaka pansi. Buleki ya pamanja inangotsala dzina, moti akaimika ankatsika msanga n'kuika njerwa pa tayala. Zonsezi iwo ankazitcha luso, ndipo kunena zoona linalidi luso, kungoti lonse linali m'mwendo umodzi.

Mwendo umenewo ndi womwe unavulala. Linali Loweruka m'mawa, akazi awo atapita kumsika. Pikapu inali itapakiridwa dzulo lake matumba a simenti ndi mafelemu achitsulo a zitseko, ndipo a Chidendene ankamangitsa chingwe pamene felemu limodzi linatsetsereka n'kuwagwera paphazi lamanja. Anakuwa. Makina analeka kulira pakhonde, Chisamba anathamanga tepi yoyezera ili m'khosi. Atavula nsapato ya bambo ake anapeza magazi okhaokha. Anamanga phazilo ndi chidutswa cha nsalu ya yunifolomu, n'kuwakoleka paphewa mpaka kumpando wa wokwera.

“Makiyi, bambo.”

“Taitana wina wa anzanga aja…”

“Mpaka afike magazi atatha? Bweretsani makiyi. Lero lokha simundikaniza.”

Anamupatsa. Iye anachotsa njerwa ija pa tayala, n'kukwera.

Kuchokera pageti msewu unkayenda pang'ono pathyathyathya usanayambe kutsika, ndipo pakati pake panali hampu. Chisamba anaponda buleki. Popeza galimoto inali isanathamange, inachepetsako liwiro, koma phazi lake linakafika pansi penipeni.

“Bambo, bulekiyi bwanji yalowa chonchi?”

Apa ndiye panali pomuuza mwana zoona. Mawu anafika mpaka pamilomo. Koma kuwanena kunali kuvomera kuti mlamu uja ankanena zoona, kuti banga lija silinali thukuta, kuti miyezi yonseyi ankamukaniza galimoto chifukwa cha chinthu chomwe ankabisa. Ndipo phazi linali kuwawa ngati laikidwa pamoto.

“Ndi mmene ilili. Tiye, mwanawe.”

Mumtima anati akafika pamwamba pa mtsetse amuuza alowetse giya yotsika, zina zonse adzafotokoza bwino akabwerako. Galimoto itadumpha hampu ululu unawalasa mpaka m'mutu, iwo n'kutsinzina ataluma mano. Mmene ankatsegula maso anali atayamba kale kutsika, simenti ikukankha kumbuyo.

Kumunsi kwa chitundacho msewu wawo unkakumana ndi msewu waukulu, pamalo pomwe anthu amadikirira mabasi. Tsikulo minibasi inali itaima chopingasa, anthu akutsika ndi katundu wawo. Chisamba anaponda buleki pamalo oyenera, monga anamuphunzitsira kusukulu yoyendetsa galimoto. Chopondera chinamira. Iye anachikanikiza ndi mphamvu zake zonse osachibweza, pakuti ndani amachotsa phazi pabuleki galimoto ikuthawa?

“Bambo! Sikugwira!”

“Odira!” anakuwa a Chidendene. “Odira, mwanawe, odira!”

Mawu enieni, akuti popa, anali atakwiririka kalekale pansi pa nthabwala yawo, ndipo pa nthawi ya mantha pakamwa pamatuluka chomwe panazolowera. Chisamba anali asanamvepo za buleki yaulemu. Anachita chomwe aliyense akanachita atauzidwa kuti aodire: anakanikiza hutala ndi chikhatho kuti anthu amve kuti akubwera, phazi lake lili chigonere pansi. A Chidendene anakoka buleki ya pamanja, inangokwera yopanda kanthu. Ndipo phazi lawo lothyokalo, lokulungidwa m'nsalu ya yunifolomu, linayamba kuponda ndi kubweza, kuponda ndi kubweza, pansi popanda chopondera.

Hutala anabalalitsa oima pamsewu, koma minibasi sikanatha kuthawa, ndipo pakhomo pake panali mayi akutsitsa mwana. Kumbali ya dalaivala kunali khoma lakonkire la mlatho wa ngalande. Chisamba anakhotetsera komweko.

A Chidendene sanamve kugunda. Chomwe amakumbukira ndi fumbi la simenti litadzaza m'galimoto, hutala akulirabe, ndi anthu akuwakokera kunja kudzera pawindo. Mwana wawo sanatuluke msanga. Chitsulo cha kutsogolo chinali chitapindikira m'kati n'kupana phazi lake lamanja pamodzi ndi chopondera chomwe linali likupondabe, ndipo anachita kudula zitsulo kuti amutulutse.

Onse awiri anagonekedwa m'chipatala chimodzi. Phazi la bambo linali ndi zala ziwiri zothyoka ndi bala lofuna kusoka. Adokotala anati lipola. La mwana anayesetsa masiku angapo, koma linali litaphwanyika kwambiri, ndipo pomaliza analidula pamwamba pa kakolo.

Atawalola kudzuka, a Chidendene anayenda ndi ndodo mpaka kuwodi ya amayi, komwe anagonekedwa Chisamba. Akazi awo anali atakhala pambali pa bedi. Atawaona anangonyamuka n'kukaima pawindo. Chisamba anali atawonda nkhope, chofunda chitaphwa pomwe panayenera kutukuka.

“Bambo, phazi lanu lili bwanji?”

“Likupola.”

“Pepani, ndakuphwanyirani galimoto. Munkandikaniza, ine n'kumayesa kuti ndi umbombo, koma munkadziwa kuti sindinakhwime. Koma ndifunseko. Munkati ndiodire, ine ndinaliza hutala. Kodi munkatanthauza zina? Ndimaganiza zimenezi tsiku lonse. Ndinalakwitsa pati?”

A Chidendene anagwira chitsulo cha bedi.

“Sunalakwitse,” anatero pomaliza. “Buleki ija inali itafa kale. Ine ndinkadziwa.”

Mwanayo anawayang'ana. Sanalire, sanakalipe. Anangotembenuzira nkhope kukhoma, ndipo iwo akanakonda akanawatukwana.

Atatuluka m'chipatala a Chidendene anapita kugalaja, kumene zinakokeredwa zotsala za pikapu. Tsopano inali kugona kunja, pakona ya mpanda, udzu utayamba kumera pansi pake. Madalaivala omwe anali pomwepo anawapatsa moni motsitsa mawu, aliyense n'kupeza chochita. A Chidendene anali atakonzeka kuti mlamu wawo awalalatire, ndipo mumtima ankafuna kuti atero, mwina katundu akanapepukako. Koma makanikoyo nayenso maso anali ofiira. Chisamba anali mwana wa mlongo wake, ndipo iye ndi amene anabwezera tayala lija ndi manja ake. Analowa m'kati, n'kutuluka ndi kapepala kapulasitiki kokutidwa ndi fumbi. Anawatambasula dzanja n'kukaikamo.

“Si aka kalabala kanu, alamu.”

A Chidendene anakayang'ana. Kanali kakuda, kopepuka, kosakwana n'komwe kudzaza chikhatho. Anakaika m'thumba la malaya n'kuyamba ulendo wokwera chitunda wapansi, akutsimphina pang'ono, ngakhale phazi linali litapola.

Pakhomo panali zii. Pabwalo panatsala banga lakuda lija, mvula itakokolola mchenga. Pakhonde makina anali atafundidwa nsalu, ndipo pambali pake panali mulu wa mayunifolomu odulidwa koma osasokedwa, omwe eni ake ankachita manyazi kudzawafunsa. Akazi awo anali kuchapa kuseri ndipo sanadzutse mutu. A Chidendene anadutsa pabalaza mpaka pachitseko cha mwana wawo. Anakweza dzanja kuti agogode, koma mawu omwe munthu amanena pachitseko anali omwe aja iwo anawasandutsa nthabwala.

“Odi,” anatero potsiriza, motsitsa.

“Lowani, bambo.”

Anayankha pa odi woyamba. Iwo analowa, n'kukhala pampando pafupi ndi ndodo zake zoyendera, osadziwa poyambira.

Ananena mlamu, ananena mnzawo, ananena mayi a m'nyumba, ngakhale chopondera chenichenicho chinkanena tsiku ndi tsiku pansi pa phazi lawo. Mawu onsewo ankadontha limodzilimodzi ngati mafuta aja pasimenti, iwo n'kumathira mchenga, osadziwa kuti madonthowo akukumana kumunsi kwa chitunda. Akuluakulu sananame: mtsinje wa Tinkanena udakathira mu Siizi.